Magoblin 100 pa Tebulo Limodzi: Mafunso ndi Mayankho pa Kumanga ndi Kupenta Gulu la Nkhondo la Tizidole

Ku Britain, ku America ndi m'maiko ambiri a ku Ulaya kuli masewera amene anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amaima mbali ziwiri za tebulo n'kumamenyanitsa magulu a nkhondo a tizidole tosafika kutalika kwa chala. Tizidoleti timagulidwa tili zidutswazidutswa, topanda mtundu uliwonse, ndipo mwiniwake ndiye amatilumikiza ndi kutipenta. Gulu la magoblin ndi limodzi mwa magulu okondedwa kwambiri, komanso ndi limene lafooketsa openta ambiri nkhondo isanayambe n'komwe. Mayankho ali m'munsiwa akufotokoza chifukwa chake, ndi mmene odziwa ntchitoyi amaigwirira mpaka kuimaliza.

Kodi masewera amenewa amaseweredwa bwanji, ndipo anachokera kuti?

Osewera awiri amayala tebulo, kawirikawiri la mafiti 6 m'litali ndi 4 m'lifupi, n'kuikapo timapiri, timitengo ndi timabwinja topanga. Aliyense amandandalika asilikali ake kumbali kwake. Mtunda umene gulu lingayende amauyeza ndi tepi m'mainchesi, ndipo zoti mkondo walasa kapena waphonya zimagamulidwa ndi madayisi a mbali 6. Buku la malamulo ndilo limanena mphamvu, liwiro ndi kulimba mtima kwa msilikali wa mtundu uliwonse.

Mizu yake ili ku Prussia, kumene akuluakulu a asilikali ankaphunzirira nkhondo pa masewera otchedwa Kriegsspiel m'zaka za m'ma 1800. Mu 1913 mlembi H. G. Wells anatulutsa Little Wars, buku la malamulo omenyanitsira zidole za asilikali pansi m'nyumba. Amatsenga ndi zilombo analowamo pambuyo pake. Chainmail ya Gary Gygax ndi Jeff Perren, ya mu 1971, inali ndi gawo la zoterezi, ndipo mu 1983 kampani ya Games Workshop inatulutsa Warhammer, yolembedwa ndi Bryan Ansell, Richard Halliwell ndi Rick Priestley. Kampaniyi inayambira ku London mu 1975, koma lero likulu lake lili ku Nottingham.

Nanga magoblin ndi ndani?

M'nthano zakale za ku Ulaya, goblin ndi kacholengedwa kakafupi, koipa nkhope, kokhala m'mapanga ndi m'migodi, kokonda kuba ndi kusokoneza anthu. George MacDonald analemba za iwo mu The Princess and the Goblin mu 1872, ndipo J. R. R. Tolkien anawaika kunsi kwa mapiri mu The Hobbit mu 1937. Koma goblin wa khungu lobiriwira, wa mphuno yaitali yokhota ndi makutu osongoka, wamantha koma wanjiru, amene amafa ndi phwete mnzake akagwa m'mavuto, anakulira mu Warhammer. Woumba tizidole Kev Adams anapanga ambiri a iwo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, mpaka anthu anamutcha Goblinmaster.

Mafuko odziwika alipo atatu. Magoblin wamba amavala zikopa ndi zitsulo zotola, ndipo ambiri amakwera mimbulu. A Night Goblin amakhala m'mapanga, amadana ndi dzuwa, amavala mikanjo yakuda yofunda mpaka kumutu, amalima bowa, ndipo chizindikiro chawo ndi mwezi wachikasu wa nkhope yolusa. A Forest Goblin amakhala m'nkhalango, amadzikongoletsa ndi nthenga, ndipo amakwera akangaude akuluakulu.

Warhammer yakale itatha mu 2015, magoblin a m'mapanga anapitirira mu Age of Sigmar, mmene kuyambira 2019 amatchedwa Gloomspite Gitz. Mu 2024 dziko lakale lija linabweranso ndi dzina loti The Old World. Magoblin amapezekanso mu Kings of War ya kampani ya Mantic Games, komanso m'masewera a The Lord of the Rings amene Games Workshop inayamba mu 2001, ngakhale a mmenemo ndi otumbululuka ndipo alibe nthabwala.

N'chifukwa chiyani gulu la magoblin limavuta kupenta kuposa ena?

Vuto ndi kuchuluka. Masewera asanayambe, osewera amagwirizana mapointi amene aliyense agwiritse ntchito, kawirikawiri 2,000, ndipo msilikali aliyense ali ndi mtengo wake. Goblin woyenda pansi amadya mapointi 3 kapena kuposerapo pang'ono, pamene msilikali wa zida zolemera wa mtundu wina amapitirira 10. Ndi wotchipa chifukwa ndi wofooka ndiponso wamantha. M'malamulo akale, kulimba mtima kwa Night Goblin kunali 5 pa 10, kutanthauza kuti zinthu zikangovuta pang'ono, gulu lonse linkaliyatsa liwiro. Chimene chimawalimbitsa ndi mizere yambiri kumbuyo kwawo, n'chifukwa chake amaikidwa m'magulu a 30, 40 ngakhale 50. Gulu lonse la nkhondo likhoza kupitirira tizidole 100 mosavuta.

Tsono werengerani. Mukamatha ola limodzi pa goblin aliyense, magoblin 100 akudyerani maola 100. Mukamatha mphindi 15, ndi maola 25. Apa ndiye pagona nkhani yonse: gulu la magoblin silipentedwa ngati zithunzi 100 zosiyana, limapentedwa ngati khamu limodzi loti lidzaonedwe ndi munthu woima chapatali ndi tebulo. Luso lenileni ndi kudziwa pofunika kutayapo nthawi ndi pongodutsa.

Ndiyambire pati ndisanatsegule n'komwe botolo la guluu?

Yambani ndi zosankha zitatu. Choyamba ndi fuko. A m'mapanga ndiwo osavuta kwa woyamba, chifukwa mkanjo umaphimba pafupifupi thupi lonse, n'kungotsala nkhope, manja ndi zida. A m'nkhalango ali ndi khungu lambiri poyera ndi nthenga za mitundumitundu, choncho amafuna nthawi.

Chachiwiri ndi masewera amene mudzasewere, chifukwa ndiwo amalamula kukula kwa besi, kaja kambale ka pulasitiki kamene kachidole kamaimapo. Mu Warhammer yakale goblin ankaima pa besi ya makona anayi ya mamilimita 20. Mu The Old World inakula kufika pa 25, pamene mu Age of Sigmar mabesi ndi ozungulira. Kumatula magoblin 60 amene mwawamata pa mabesi olakwika si ntchito yoifunira mnzanu.

Chachitatu ndi mitundu. Sankhani itatu kapena inayi yokha: wa khungu, wa nsalu, wa zitsulo ndi matabwa, ndi umodzi wowala wokopa maso. Pentani goblin mmodzi mpaka kumaliza, mumuike pa tebulo, mubwerere m'mbuyo n'kumuona. Akakusangalatsani, lembani m'kope utoto uliwonse umene mwagwiritsa ntchito ndi ndondomeko yake. Pakatha miyezi 6 simudzakumbukanso kuti chobiriwira chija munachisakaniza bwanji.

Kulumikiza zidutswazo kumafuna zida zanji?

Zofunika ndi zochepa: kapulayala kodulira, kampeni kakuthwa, katupa kakang'ono kapena sandipepa wosalala, ndi guluu. Tizidole ta pulasitiki timabwera titalumikizika ku chimango. Dulani ndi kapulayala, osati kupotokola ndi zala, chifukwa mikondo ndi mauta zimathyoka msanga. Pa chidutswa chilichonse pamakhala kamzere kotsala pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Kapaleni ndi msana wa kampeni. Mukakasiya, utoto umakaonetsa poyera, makamaka pamwamba pa chofunda kumutu chija, pamene diso limayambira kuona.

Guluu wa pulasitiki amasungunula pang'ono mbali ziwirizo n'kuzisandutsa chinthu chimodzi, koma sagwira pa chitsulo kapena pa resin. Pamenepo pamafunika supaguluu. Tizidole ta chitsulo ndi ta resin tiyambe tatsukidwa ndi sopo ndi mswachi wakale, chifukwa timabwera ndi mafuta a m'chikombole amene amakaniza utoto. Fumbi la resin si lopuma, choncho palani chidutswacho chili chonyowa. Tizidole takale kwambiri ta chitsulo tili ndi mtovu. Sambani m'manja mukatigwira, ndipo tisamafike kwa ana aang'ono.

Polumikiza zinthu zolemera, monga mbendera yaitali kapena chimpira chachitsulo cha pa tcheni, boolani mbali zonse ziwiri ndi kachiboolero ka pamanja, mulowetsemo kawaya, kenako mumate. Zishango zisiyeni pambali, mudzazimate mutapenta.

Ndamva kuti magoblin amakana kuima pamzere. Zoona?

Zoona, ndipo amakana pawiri. M'malamulo akale munali lamulo loti gulu la magoblin likhoza kuyamba kukangana lokhalokha n'kuiwala mdani. Koma ngakhale pa tebulo lomangirapo, mikondo, zigongono ndi zishango zimagundana ndi za mnzake wa m'mbali, moti mabesi amalephera kukhudzana. Njira yake ndi kumanga mzere umodzi pa nthawi, mabesi atagundizana kale, n'kumayesa mkono uliwonse musanaumate. A kutsogolo aloze mikondo kwa mdani, a kumbuyo aiimike chilili. Mukamaliza, lembani nambala kunsi kwa besi iliyonse kuti aliyense azibwerera pamalo pake.

Tizidole ta m'bokosi limodzi timafanana. Ndingatani kuti khamu lioneke lamoyo?

Magoblin amakhululuka pa nkhani imeneyi kuposa gulu lina lililonse. Msilikali wa mfumu akapendama amaoneka wolakwika, koma goblin akapendama amaoneka goblin. Tembenuzani mitu, wina ayang'ane kumbuyo ngati akufunafuna pothawira. Sinthanitsani manja a m'mabokosi osiyana. Wina mumupatse chipewa chachitsulo cha mdani chomukulira, wina chishango chong'aluka chimene mwachicheka dala ndi kampeni.

Pophimba mipata ndi poumba tinthu tatsopano, ambiri amagwiritsa ntchito green stuff. Ndi phala lolimba lobwera m'mizere iwiri, wachikasu ndi wabuluu. Mukaikanya pamodzi imasanduka yobiriwira, imakupatsani ola limodzi kapena kuposerapo kuti muumbe, ndipo imauma bwinobwino pofika mawa lake. Nyowetsani zala ndi chida choumbira kuti lisakumatirireni. Bowa ndiye poyambira pabwino: kawaya kakafupi n'kukhala tsinde, kampira ka phalalo kophwatalala pang'ono n'kukhala chipewa chake. Maukonde amene magoblin amaponyera adani mukhoza kuwadula ku thumba la anyezi n'kuwalimbitsa ndi guluu wa matabwa wothira madzi.

Palinso njira ina yochepetsera ntchito. M'kati mwa gulu lalikulu, malo a magoblin anayi mukhoza kuikapo besi imodzi yaikulu yokhala ndi kachithunzi: mphika wa bowa uli pamoto, magoblin awiri akulimbirana fupa, kapena chimwala chojambulidwa mwezi. Tizidole topenta timachepa, gulu n'kukhala ndi nkhani yake. Ingoyambani mwafunsa osewera nawo kapena okonza mpikisano ngati amalola.

Andakoti ikhale ya mtundu wanji?

Utoto wa acrylic sugwira bwino pa pulasitiki kapena chitsulo chosapaka kanthu, choncho andakoti, utoto woyambirira wapansi, siyolumpha. Kwa a mikanjo yakuda, yakuda ndiyo imapulumutsa nthawi, chifukwa theka la ntchito limakhala latha, ndipo pamene burashi yalephera kufika pamangooneka ngati mthunzi. Kwa a khungu lambiri poyera, yotuwa kapena yoyera imathandiza kuti chobiriwira chiwale. Ena amaphatikiza: amapopera yakuda paliponse, kenako yoyera pang'ono kuchokera pamwamba pokha, kuti kuwala ndi mthunzi zioneke asanayambe kupenta.

Khutchumulani chitini kwa mphindi ziwiri, mupopere panja, motalikira masentimita 20 mpaka 30, pang'onopang'ono mukuyendetsa dzanja. Kukakhala chinyezi chambiri kapena dzuwa loswa mtengo, dikirani, chifukwa utoto umafika pa kachidole utauma kale n'kusiya timibulu ngati mchenga. Iliponso andakoti yopaka ndi burashi.

Khungu lobiriwira limapentedwa bwanji kuti lisaoneke ngati pulasitiki?

Nkhope ndiyo malo oyamba oyenera kutayapo nthawi, chifukwa pa mkanjo wakuda ndi yokhayo imene imawala. Yambani ndi chobiriwira chapakatikati. Sungunulani utoto ndi kadontho ka madzi, mupake kawiri mopyapyala m'malo mwa kamodzi mokhuthala. Langizo limeneli analitchukitsa ndi Duncan Rhodes m'mavidiyo ophunzitsa kupenta, ndipo chifukwa chake n'chakuti utoto wokhuthala umakwirira makwinya ndi mano amene woumba anavutika nawo.

Zikauma, pakani wash, utoto wamadzimadzi umene umathamangira m'makwinya n'kuderamo. Wobiriwira moderapo amapereka khungu laukhondo, wabulawuni amapereka goblin wauve. Kenako bwezerani chobiriwira choyamba chija pamalo otukuka pokha: mphuno, masaya, chibwano, m'mphepete mwa makutu ndi mfundo za zala. Pomaliza onjezani chikasu pang'ono m'chobiriwiracho n'kudontheza pansonga penipeni. Onjezani chikasu, osati choyera, chifukwa choyera chimatumbulula khungu n'kulichotsa moyo.

Chinsinsi chimene chimasiyanitsa khungu lamoyo ndi lakufa ndi kufiira. Tengani chofiira kapena chapepo chosungunula kwambiri, mupake pansonga pa mphuno, pa milomo ndi m'makutu. Diso la munthu limazindikira kuti pansi pa khungulo pakuyenda magazi. M'maso mungodontheza kofiira kapena kachikasu. Mano akhale a mtundu wa fupa lakale, osati oyera mbee.

M'zaka za m'ma 1990 magoblin ankapentedwa obiriwira mowala kwambiri, ndipo utoto wina unkatchedwa Goblin Green. Pambuyo pake anthu anayamba kukonda chobiriwira chozimirira, chopita ku bulawuni. Zonse n'zololedwa. Mungathenso kusiyanitsa pang'ono gulu ndi gulu, popeza mabesi ndi zishango zidzawagwirizanitsa.

Mkanjo wakuda ungavute chiyani? Si kungopaka chakuda basi?

Chakuda chokhachokha chimaoneka ngati dzenje, mapindo a nsalu saonekanso. Koma mukawalitsa kwambiri, mkanjo umasanduka wotuwa. Pakati pake ndi apa: gawo lalikulu la nsalu likhalebe lakuda bii, kuwala kukhale pamisana ya mapindo pokha.

Njira yachangu ndi drybrush. Viikani burashi yakale yolimba mu utoto wotuwa moderapo, muipukute pa pepala mpaka ioneke ngati yauma, kenako muikwule mopepuka modutsa mapindo. Utoto wotsalawo umangogwira potukuka. Bwerezani ndi chotuwa chowalirapo pamutu ndi pamapewa pokha. Zikawala mopitirira, wash wakuda amazibweza. Chotuwa chopita ku buluu chimapereka nsalu yozizira ya m'phanga, chopita ku bulawuni chimapereka sanza zakale. M'munsi mwa mkanjo pakani bulawuni wa dothi amene mudzapake pa besi, kuti goblin aoneke kuti wayendadi pamenepo.

Malawi a moto kapena timakona toyera ndi takuda tozungulira nkhope timakongoletsa kwambiri, koma tipenteni pa mzere wakutsogolo ndi pa atsogoleri okha. A mzere wachinayi palibe adzawaone m'mphepete mwa chofunda.

Mwezi wachikasu ukungooneka wauve. Ndikulakwitsa pati?

Chikasu ndi utoto wosaphimba bwino, ndipo pamwamba pa chakuda chimasanduka chobiriwira chonyansa. Yambani mwapaka mweziwo ndi choyera chopita ku fupa, kapena bulawuni wowala, kenako chikasu kawiri kapena katatu mopyapyala. Mthunzi wake ukhale wa olenji kapena bulawuni, osati wakuda. Musaumire nthawi apa, chifukwa zishango 40 za mwezi wowala ndizo zimaoneka munthu ali pakhomo la chipinda.

Chofiira chili ndi khalidwe lofananalo. Ma squig, zilombo za m'mapanga zimene ndi mutu, mano ndi miyendo iwiri basi, amapentedwa ofiira kawirikawiri. Yambani ndi chofiira choderapo, muwalitse ndi olenji. Mukawalitsa ndi choyera mupeza squig wapinki. Zitsulo za magoblin zisanyezimire: siliva woderapo, wash wabulawuni, kenako kachidutswa ka siponji koviika mu olenji n'kumadinda apa ndi apo kuti lioneke dzimbiri.

Ndingapente bwanji ambiri chonchi osatopa nazo?

Pentani m'magulu a 10. Amateni pa kathabwa kamodzi ndi tepi yomata mbali zonse, mutenge mtundu umodzi n'kuupaka pa onse, kenako mtundu wina. Pofika pa wa nambala 10, woyamba wauma. Yambani ndi ntchito yomwaza utoto, monga drybrush ya mikanjo, kenako khungu, matabwa, zitsulo, n'kumalizira tinthu tating'ono. Burashi ikaterereka musaime. Zolakwika zonse mudzazikonze pamodzi kumapeto ndi utoto wakuda.

Kuti utoto usaume pa mbale, ikani kansalu konyowa m'kabokosi kosaya, pamwamba pake pepala lophikira makeke, n'kumasakanizira pamenepo. Burashi ya saizi 1 kapena 2 ya nsonga yabwino imagwira ntchito mwachangu kuposa kaburashi kakang'onong'ono, kamene kamauma musanafike pa kachidole.

Mukamaliza magulu awiri kapena atatu, dzipatseni mphoto popenta mfiti ya magoblin kapena chilombo chimodzi. Ndipo mabokosi osatsegula akhale kutali ndi maso. Chimene chimapha ntchito zambiri zotere si ulesi, ndi kugula. Munthu ali pakati pa a mikondo waona okwera mimbulu, asanawamalize waona akangaude. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Utoto wamakono wopaka kamodzi, kodi si chinyengo?

Ayi. Mu 2019 Games Workshop inatulutsa utoto wotchedwa Contrast, ndipo makampani ena monga The Army Painter ya ku Denmark ndi Vallejo ya ku Spain anatulutsa yawo. Ukapakidwa pa andakoti yowala, umadera m'makwinya n'kupyapyala potukuka, moti mtundu, mthunzi ndi kuwala zimabwera nthawi imodzi. Pa khungu la goblin, ubweya wa mmbulu, zingwe ndi matabwa umagwira bwino kwambiri. Pa malo osalala, monga chishango chopanda zojambula, umaundana n'kusiya mathithi. Ambiri amayamba ndi andakoti yakuda, drybrush yotuwa kenako yoyera, n'kupaka utotowu pamwamba. Kwa khamu la 100, njira imeneyi ndi yanzeru. Mukafuna, mudzabwererenso ku mzere wakutsogolo n'kuwalitsa nkhope ndi burashi.

Mabesi ndi ofunikadi?

Ndi ofunika kuposa mmene woyamba amaganizira. Munthu woima amaona tebulo kuchokera pamwamba, choncho besi ndi gawo lalikulu la zimene akuona. Magoblin opentedwa mwachisawawa pa mabesi ofanana ndi aukhondo amaoneka gulu la nkhondo. Opentedwa mwaluso pa mabesi opanda kanthu amaoneka osatha.

Pakani guluu wa matabwa, muviike besi mu mchenga wosefa ndi wouma, mudikire. Pakani bulawuni woderapo kapena chotuwa, drybrush yowalirapo, kenako timaudzu topanga kapena bowa mwaumba uja. Miyala ya m'phanga imapangidwa ponyema chotsekera botolo la vinyo kapena khungwa louma la mtengo. Mtundu wa besi usiyane ndi wa kachidole: pansi pa mkanjo wakuda pakhale dothi lowalirapo kuti goblin asamire. M'mphepete mwa mabesi onse mukhale mtundu umodzi, kuyambira kwa goblin wotsiriza mpaka kwa mfumu. Mu zithunzi za magazini ya White Dwarf za m'ma 1990 mabesi ankakhala obiriwira mowala, ndipo okonda kalembedwe kakaleko amachitabe choncho mpaka pano.

Magulu a mizere amaikidwa pa kathireyi kuti aziyenda pamodzi. Kamaginito kunsi kwa besi ndi kachitsulo kopyapyala pa thireyi zimaletsa magoblin kugwa, ndipo bokosi lokhala ndi chitsulo pansi limawasunga bwino paulendo.

Nanga atsogoleri ndi zilombo zikuluzikulu?

Nthawi imene mwapulumutsa pa khamu muithere apa. Gulu la magoblin lili ndi zoseketsa zambiri. Ma fanatic ndi magoblin amene amwa mowa wa bowa wamisala, amabisala m'gulu, ndipo mdani akayandikira amatulutsidwa akuzungulira ndi chimpira chachitsulo, kumene alowere osadziwika. Doom Diver ndi goblin wovala mapiko amene amaponyedwa m'mwamba ndi chilegeni chachikulu kuti akagwere adani. Alipo ma troll, alipo Skarsnik, mfumu ya Night Goblin yoyenda ndi squig wake Gobbla, ndiponso kangaude wamkulu Arachnarok, amene anatuluka mu 2011 atasenza nsanja ya magoblin kumsana.

Zazikulu zotere zipenteni m'zigawo, okwera paokha, chilombo pachokha, n'kulumikiza pomaliza. Muzipatse mitundu yomwe ija ya khamu, koma muonjezere masitepe a kuwala ndi kamtundu kamodzi kachilendo, monga utsi wapepo pa ndodo ya mfiti. Mbendera nazo ndi za m'gulu lomweli. Pojambula mwezi pa nsalu, yambani ndi pensulo, mudzaze mtundu, kenako muwongole m'mphepete ndi chakuda.

Ndingateteze bwanji ntchito yanga, ndipo tizidole takale topentedwa moipa tingakonzeke?

Tizidole ta masewera timagwiridwa ndi manja a thukuta, timagwa, timagundana. Vanishi wosanyezimira amateteza utoto, makamaka pa ta chitsulo timene timasupuka m'makona. Yesani kaye pa goblin mmodzi, chifukwa vanishi wopopera pa tsiku la chinyezi amasiya nkhungu yoyera pa kachidole.

Magoblin ogula kwa ena ndi otchipa, ndipo alipo ambiri chifukwa anali m'mabokosi oyambira a Warhammer, la mu 1992 ndi la mu 2006 lotchedwa Battle for Skull Pass. Utoto wakale umachoka mukawaviika mu isopropyl alcohol kapena mu Dettol wabulawuni usiku wonse n'kuwakwecha ndi mswachi. Ndi Dettol, musathire madzi utoto usanachoke wonse, chifukwa umasanduka phula lomata. Acetone ndi wa tizidole ta chitsulo tokha, pulasitiki amaisungunula.

Ndidzadziwa bwanji kuti gulu langa latha?

Mipikisano yambiri imafuna kuti kachidole kalikonse kakhale ndi mitundu yosachepera itatu ndi besi yomalizidwa. Kumbali ina kuli Golden Demon, mpikisano wa openta umene unayamba mu 1987, kumene munthu amatha miyezi pa kachidole kamodzi. Amenewo ndi masewera ena, ndipo kuyeza khamu lanu ndi muyezo wawo ndi njira yosamalizira.

Muyezo wanu ndi uwu: ndandalikani gulu lonse pa tebulo, muime pamene mdani wanu adzaime. Ngati nkhope zikuoneka, miyezi ikuwala, mabesi akufanana ndipo palibe pulasitiki yotuwa ikusuzumira, latha. Litengeni mukasewere. Pa masewera oyamba omwewo fanatic wanu akhoza kubwerera n'kupyola m'gulu lanu lomwe, ena n'kuthawa asanaponye mkondo, ndipo mudzakhala mukuchotsa magoblin pa tebulo odzaza manja. Amene munamuthera maola 3 ndi amene munamuthera mphindi 15 adzafa ndi dayisi imodzimodzi, choncho maola atatuwo apatseni mfiti, mbendera ndi kangaude.